Galimoto Pachitsa cha Mango

Mtengo wa mango umene unali kutsogolo kwa nyumba yanga pa Boma ndinalola ndekha kuti udulidwe, popanda wondiopseza. Anaubzala malemu amuna anga chaka chimene tinasamuka kuchoka ku Katowo, ndipo iwo atamwalira ndinkachongera pansi pake makope a ana asukulu.

Amene anandinyengerera anali mkulu wa mpingo wathu, wapampando wa komiti ya chitukuko. Masiku amenewo matipate anali atangoyamba, ndipo bambowa ankayenda pa njinga yakuda, buluku atalimanga ndi mphira m'akakolo. Pamisonkhano ankati tauni ndi ya anthu, osati ya magalimoto. Ankafuna kanjira ka oyenda pansi ndi apanjinga, kuchokera kumsika mpaka kuchipatala, kuti matola ndi maminibasi a ku Mzuzu aleke kutikankhira m'ngalande. Ine ndinali nditagweramo kale ndi njinga yanga, choncho mawu awo ankandilowa ngati ulaliki.

"Amama, mtengo wanuwu ndiwo watseka njira," anatero atabwera kunyumba. "Odzayendapo ndi ana omwe mumaphunzitsawa."

Ndinavomera mtima ukuwawa. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, amvekere, "Yewo chomene, amama."

Tsiku lodula ndinachedwa dala kusukulu kuti ndisamve nkhwangwa. Kenako Loweruka lililonse amayi a mumpingo tinkasenza mchenga ndi miyala pamutu, monga timachitira pa ntchito za chitukuko, mpaka malo onse anasalala.

Chisankho chitadutsa, bambo aja anapata mpando, mpandowo unabwera ndi galimoto, njinga ija sindinaionenso. Kanjira sikanamangidwe. Mmawa wina tinangoona miyala yathu yomwe ija yapakidwa laimu, yandandalikidwa bwinobwino, akuti ndi poimika magalimoto a mabwana. Anyamata akabaza amene ankadikirira makasitomala pamenepo anathamangitsidwa, ana anga asukulu n'kubwerera pamsewu kukalimbirana ndi matola.

Ndinawadikirira bambo aja potuluka m'tchalitchi. "Adada, kanjira kaja kali kuti?"

"Tauni ikukula, amama. Alendo aziimika kuti magalimoto?"

Ndinangoti mumtima, munthu akakwera pamsana pa njovu amaiwaladi kuti pansi pali mame. Sindinapse mtima chifukwa cha bodza lokha. Chinandiwawa n'chakuti mchenga umene anandipusitsira ndinausenza ndekha, ndikuimba nyimbo.

Masana ena a mwezi wotentha, ndili pakhonde, galimoto yawo inadzaima ndendende pamene panali chitsa. Anatsika akupukuta thukuta m'khosi, n'kundipempha kuti ndiziwaonerako galimotoyo pamene akukalowa m'sitolo. Atayenda pang'ono anatembenuka, nayang'ana kumwamba.

"Koma pano pakuwotcha chomene, amama. Bwanji osabzalapo kamtengo?"

Ndinanyamula mpando wanga n'kukakhala kuseri kwa nyumba, ndipo ndi kumene ndimakhala mpaka lero.