Kansalu Kachikasu ka a Nkhoma

Ndiyambe ndi kuthokoza Ambuye amene andisunga kufikira lero, ngakhale ndinalakwira m'bale wanga ndi lilime langali.

Inu owerenga, ine ndimakhala ku Shawlands, muno mu Glasgow. Mwana wanga Madalitso anakulira konkuno, ndipo atafika zaka makumi awiri ankasewera mpira wa ku America, uja wothamanga nawo m'manja atavala zipewa zolimba. Amene anamuphunzitsa ndi a Nkhoma, mkulu wa mpingo wathu. Iwo ankaimbira mpirawu modzipereka. Ndiwonso anatilandira titangofika, natigoneka kwawo ku Easterhouse miyezi itatu.

Timu ya Madalitso itafika pa fainolo, ndinamva kuti a Nkhoma ali m'gulu la oimbira. Mumtima ndinati chikho tatenga, wakwathu sangatitaye.

Tsikulo kunali kamvula kowaza. Kutatsala mphindi imodzi, Madalitso anathamanga ndi mpira mpaka kukagoletsa. Tikukumbatirana, ndinaona kansalu kachikasu kali pa udzu. Mu mpirawu, woimbira akaona cholakwa amaponya kansaluko. Anaponya ndi a Nkhoma. Anati mwana wanga anakoka chipewa cha wosewera wa timu inayo, ndipo chigoli chinakanidwa. Anthu anakuwiza, oimbira anzawo anati sanaone kanthu, koma iwo sanasinthe. Tinagonja.

Madzulo ake ndinalemba pa gulu la foni la Amalawi kuti a Nkhoma agulitsa mwana wathu pofuna kutamandidwa ndi azungu. Ndinawatchula Yudasi. Ambiri anandivomereza.

Lamulungu lotsatira kunali Mgonero. A Nkhoma anandipeza pakhomo la tchalitchi natambasula dzanja.

"Achimwene, ndinaponya chifukwa cha zimene ndinaona. Tiyeni tikambirane."

Manja anga anakhalabe m'thumba. Ndinalowa, ndipo ndinadya mkate ndi kumwera chikho ndili ndi mwala mumtima, ndikudziwa bwino kuti Ambuye amafuna tiyambe tayanjana ndi m'bale tisanafike paguwa.

Anthu anayamba kuwazemba a Nkhoma. Pa tiyi wa pambuyo pa mapemphero ankaima okha pafupi ndi zenera. Kenako anatula pansi ukulu wa mpingo, nayamba kukhala pa benchi yakumbuyo.

Patapita miyezi isanu, Madalitso anandiuza tikutsuka mbale, m'Chingerezi chake cha kuno, kuti chipewacho anakokadi. Anaopa kunena chifukwa cha mkwiyo wanga. Abale anga, apa ndiye pali tchimo langa lenileni. Choonadi ndinachimva, koma manyazi anandigwira. Ndinkati ndipita kukawapepesa a Nkhoma sabata yamawa. Masabata anakwana asanu ndi limodzi.

Lachitatu lina m'mawa ndili pa sitima, uthenga unafika pa gulu lomwe lija. A Nkhoma anagwa kuntchito, mtima unaima.

Kusiwa ndinakhala pakona, nyimbo zikundikanika. Mayi Nkhoma anandiitanira kukhitchini nandipatsa envulopu. Munali kansalu kaja.

"Bambo a Madalitso, anzanu sanaimbirenso mpira chichokere tsiku lija. Ankati mukadzabwera adzakupatsani, mudzaseke limodzi. Belu lapakhomo likalira Loweruka, ankati mwina ndi inu."

Ndinagwada pansi pomwepo ndi kupepesa. Iwo anandikhululukira, koma amene ndinamulakwira anali atagona m'bokosi. Ndinalembanso pa gulu lija kuti ndinanama, ndipo a Nkhoma anaona bwino. Onse anawerenga kupatula mwini wake.

Kansaluko kali m'Baibulo langa. Inu owerenga, musayembekezere kuti wakwanu apotoze chilungamo chifukwa cha inu. Ndipo ngati pali munthu amene mukuzengereza kumupepesa, nyamukani lero, basi yopita kwawo ikadalipo ndipo khomo lake likadatseguka.

Ambuye akudalitseni, asunge lilime lanu, ndipo akufikitseni pakhomo la m'bale wanu iye akadali ndi moyo. Ameni.