Wenzulo wa galu wotola abakha

"Ukumuwononga galu wanga iwe! Wamutuma asanakhale pansi!"

Anakalipa choncho ali pa wilitcheya, mlomo utapindika ndi sitiroko. Anali mzungu wokalamba amene ndinkawasamalira ku Thamesmead, ndikugona m'nyumba mwawo momwemo. Ndinali nditangowaonetsa vidiyo ya pafoni, poti m'mawa uliwonse ankafuna kuona mmene galu wachitira.

Galuyo anali wakuda, wa mtundu wotola abakha owomberedwa akagwera m'madzi. Kwathu galu wa uzimba umangomuimbira likhweru, zina amadziwa yekha. Uyu ayi. Ndinkathamanga naye mpaka kudziwe la kuseri kwa mafulati kuti miyendo ilimbe. Ndikaponya chidole cha chinsalu m'madzi, iye akhale kaye, akunjenjemera, mpaka wenzulo ulire. Asambire, abwere nacho osachitafuna, achiike m'dzanja langa. Kenako ndimupukute ndi thaulo, ine mwini ndili chinyowere. Zonsezi akuti nyengo yosaka abakha imupeze ali wamphamvu.

Ine ndine wamtima wapachala, sindibisa.

"Nyengo yake iti? Supuni yomwe ikukukanikani, ndiye mudzagwira mfuti? Simudzapitanso kosaka inu, galuyu tikungomuzunza!"

Masana madala anakana chakudya. Mafizo a mwendo anakananso, chinthu chimene anali asanachitepo. Mwana wawo wamkazi anali atanena kale kuti akadzangosiya mafizo, adzawapititsa kunyumba ya okalamba. Iwo akapita, ine ntchito yatha, ndipo viza yanga inali yomangiriridwa ku ntchitoyo.

Ndinaimbira mlongo wanga, nesi ku Woolwich.

"Achimwene, pakamwa panupo padzakukwezani ndege," anatero. "Mukuganiza madalawo sakudziwa kuti sadzasakanso? Mwawauza zachilendo?"

Ndinadula foni. Ndinalibe kopita. Ndinakhala kukhitchini, galu atatsamira phazi langa, madala ali kuchipinda.

Kutacha sindinawafunse. Ndinawaveka jekete, bulangete m'miyendo, n'kukankha wilitcheya mpaka kudziwe, iwo akunditukwana njira yonse. Ndinakhazika galu pansi, ndinaponya chidole, kenako wenzulo uja ndinawaika pakamwa.

Poyamba panangotuluka mpweya ndi malovu. Galu anawayang'ana, thupi lonse likunjenjemera, koma sanasunthe. Ine manja m'thumba. Patapita kanthawi wenzulo unalira, mopyapyala, galu n'kudziponya m'madzi.

"Waponya pafupi iwe," anatero madala. "Akabwera uponyenso."