Khoma Lolowetsa Mvula M'nyumba

Diresi la ukwati la mwana wa eni lathimbirira ndi oyilo, ukwati uli Loweruka lino, ndipo mmisiri amene wandichita zimenezi akuti wolakwa ndi mvula.

Ine ndimasoka zovala pa Lirangwe. Mu Okutobala ndinafuna kutchinga khonde ndi matabwa kuti makina asamadye fumbi. Amuna anga anandipezera kalipentala wa ku Chileka, ati katswiri. Anafika 9 koloko ndi hamala ndi nkhani zambirimbiri. Pofika 4 koloko wamaliza, wapakanso oyilo wakuda wa galimoto kuti chiswe chisayandikire. K180,000 ndinapereka ndi manja awiri, ine chitsiru.

Matabwa oterewa amayambira pansi, la pamwamba n'kumaphimba mlomo wa la m'munsi, madzi azitsetserekera kunja. Izi ndazidziwa dzulo. Akatswiri athu anayambira kumwamba kumatsika. Thabwa lililonse linayasama kukamwa, kudikira mvula.

Lolemba inagwadi, ine ndili kumaliro ku Chigaru. Diresi ndinalisiya pamsomali wa khoma lomwelo. Pobwera 5 koloko ndinalipeza mizeremizere yakuda kuyambira paphewa mpaka pansi. Sopo wakana. Mandimu akana. Ndinakhala pansi n'kulira.

Lachiwiri ndinakwera minibasi mpaka ku shedi ya akalipentalawo. Anandisiya chiimire mphindi 40 akupala chitseko, ngati ndabwera kudzapempha mchere. Kenako akuti, "Mayi, mvula ya kwanu ku Lirangwe imagwa chopingasa. Thabwa lilibe mlandu."

Ndinawaonetsa chithunzi cha khomalo pafoni. Anayang'ana, n'kuitembenuza foniyo chadodolido.

"Mwaona? Chonchi zili bhobho."

"Ndiye ndikatembenuze nyumba, bambo?"

"Ayi, mungogula pepala la pulasitiki, mukutire."

Pulasitiki! Nanga matabwawo ndinagulira chiyani, kukongoletsa mvula? Ukatswiri umenewu anakauphunzira kuti, kumene madzi amakwera phiri?

Anzanga a ku Chileka ndi Kuntaja, mmisiri akayamba kukhoma thabwa loyamba ali pamakwerero, mulandeni hamala.

Mkwatibwi sindinamuuze. Nsalu ya diresilo mayi ake anachita kugulitsa mbuzi ziwiri, ndipo ina ngati imeneyo ine sindingaipeze pofika Loweruka. Akubwera mawa 10 koloko kudzayesa, iye ndi mayi akewo. Inu amisiri, ndikudziwa mukuwerenga. Mpando ndakuikirani pakhonde pomwepo. Mubwere mudzamuuze nokha mtsikanayo chimene avale polowa m'tchalitchi, chifukwa ine pakamwa panga pakukanika.