Mayi wa kabokosi kozizira amene ankafuna magazi a amuna anga

Zimene ndikuuzenizi si za m'maluwa ayi, zinandichitikira ine ndemwe kuno ku Durban zaka zingapo zapitazo, ndipo amene amatidziwa ku Clermont akhoza kuikira umboni. Mayina sinditchula, poti ena a iwo akadali pantchito.

Amuna anga ankalima m'maluwa kwa azungu ku Amanzimtoti, koma chimene anthu ankawadziwira ndi mawu. Kutchalitchi kwathu kwa Amalawi ndiwo ankayambitsa nyimbo, ndipo akatsegula pakamwa ngakhale Azulu oyandikana nafe ankasuzumira pawindo. Ndiye mawu aja atayamba kusasa tinkangoti ndi chimfine, mpaka panatuluka kachotupa m'mbali mwa khosi, kolimba ngati mtedza. Kuchipatala chachikulu cha m'tauni anatiuza kuti ndi khansa ya pakhosi. Adokotala anati akayamba msanga kuwotcha chotupacho ndi makina, mawu akhoza kupulumuka, koma pamakinapo pali mzere wautali, ndiye tisiye nambala, atiimbira malo akapezeka. Foni tinali nayo imodzi, ndipo inkakhala ndi ine poti iwo kulankhula kunkawapweteka.

Tsiku lomwelo, tikadali pabenchi, kunabwera mayi wina wosavala yunifolomu, atanyamula mapepala ndi kabokosi kozizira konga kosungiramo zakumwa. Anadzitchula kuti ndi namwino wa kafukufuku. Anafotokoza m'Chingelezi chapang'onopang'ono kuti akufuna magazi pang'ono ndi kachidutswa ka chotupa, kuti aone asilikali a m'thupi. Anati m'kati mwa msilikali aliyense muli malangizo amene munthu amatengera kwa makolo ake, ena oyaka ena ozima ngati maswitchi a magetsi, ndiye iwo akufuna kudziwa kuti mwa odwala khansa ya m'khosi ndi m'kamwa ndi ati azima mpaka asilikali kumangogona chotupa chikukula. Mpaka pamenepo ndinkamvetsera bwino. Koma anapitiriza kuti magaziwo sachiritsa amuna anga, adzathandiza ena kutsogolo, kuti adzawasunga mufiriji, ndipo dzina adzalifufuta n'kuikapo nambala.

Abale anga, ine ndinakulira kumudzi kumene tinkagona panja chifukwa cha anamapopa. Tandiuzani, magazi osathandiza mwini wake, ochotsedwa dzina, osungidwa mufiriji, akupita kuti? Nanga bwanji asankha ife alendo? Ndinawatsina amuna anga n'kuwauza m'Chichewa, motsitsa mawu monga timachitira pagulu kuno, kuti mayiyu ndi namapopa wophunzira, aone mmene akumwetulira ngati waona nyama pambale. Mayi uja anangoyang'ana mapepala ake. Amuna anga, anthu ouma mutu, anasaina, ndipo ndinaona ndi maso anga timabotolo tikudzaza n'kulowa m'kabokosi muja.

Sabata yotsatira iwo anayamba kufooka, kudya kukuvuta. Lero ndikudziwa kuti inali nthendayo, koma nthawi imeneyo mutu wanga unangoti ndi magazi aja. Azimayi anzanga nawo anathira mafuta pamoto. Wina anati mapepala otere amathera kwa a boma oona za anthu olowa m'dziko, wina anati msuweni wa mnzake anasaina zomwezo n'kuuma ngati chikuni. Palibe anamuonapo msuweniyo, koma ndani ankafunsa?

Kenako foni inayamba kulira. Nambala ya kuchipatala ndinkaiona, osayankha, poti ndinkati onsewo ndi amodzi. Tsiku lina ndinayankha nambala yachilendo, ndipo anali mawu a mayi uja, akufunsa amuna anga. Ndinadula, ndinachotsa simu n'kuiponya m'ngalande, n'kugula ina. Amuna anga ndinawayambitsa mankhwala azitsamba a bambo wina wa ku KwaMashu. M'mawa uliwonse asanamwe, ankandifunsa ndi timawu tawo totsalato ngati achipatala aimba, ine n'kumati ayi, sanaimbe.

Panatha pafupifupi miyezi iwiri. Lamlungu lina masana, titalephera kupita n'kutchalitchi komwe chifukwa iwo ankapuma mobanika, ndinali kuyanika zovala pamene ndinaona galimoto yoyera itaima pageti. Anatsika mayi uja. Adiresi imene tinalembetsa kuchipatala inali ya kwa abwana awo ku Amanzimtoti, monga timachitira ambiri, ndiye kuno wafika bwanji? Ndinathamangira m'chipinda, kukhoma chitseko, kutsamiritsapo tebulo, n'kuwalozera amuna anga kuti asatsokomole.

Anagogoda. Analankhula Chizulu, ine chete. Analankhula Chingelezi, ine chete, nditagwira mpeni wosendera anyezi. Kenako ndinamva odi wa kwathu, m'Chichewa, akunditchula kuti amayi, n'kunena kuti akudziwa kuti tili momwemo chifukwa akumva kupuma kwa bambo. Ndinati basi, awa si anthu wamba, afika potenga ndi chilankhulo chathu chomwe.

Iye anakhala pansi pakhonde n'kumalankhula kudzera pachitseko, Chichewa chake chopendekera ngati cha ku Zimbabwe. Anati agogo ake anachoka ku Dedza kupita kumigodi, iye anabadwira ku Harare, ndipo kuntchito amabisa chilankhulo monga momwe timabisira ife mutekisi. Anati zonse ndinanena pabenchi paja anazimva, za nyama pambale zomwe, koma anaopa kundiyankha pamaso pa anzake. Anati kwathu anakupeza kudzera kwa abwana aja, ndipo sanabwere ndi kabokosi, ndisuzumire ndione. Za magaziwo anati amuna anga akangonena, awataya, ndipo chithandizo chawo sichisintha. Chimene anadzera n'chakuti malo pamakina anapezeka kalekale, achipatala anaimba mpaka kutopa n'kupatsa wina, ndipo iye anadziwa ataona kuti dzina lawo lachotsedwa pamzere.

Ine ndinali ndisanakhulupirirebe, ndikuti ndi nyambo. Amene anasuntha tebulo ndi amuna anga. Sanandikalipire, anangondiyang'ana, ndipo kuyang'ana kumeneko kumandiwawa mpaka lero.

Anatitenga pagalimoto yomweyo. Adokotala anapeza kuti chotupa chakula mpaka kutsala pang'ono kutseka njira ya mpweya, ndipo zowotcha zokha sizikanathekanso. Anachita opaleshoni, anachotsa kholingo lonse. Amuna anga ali moyo, amapumira pakabowo ka pakhosi, abwerera kumaluwa, koma mawu aja anapita. Kutchalitchi amakhala kumbuyo n'kumaomba m'manja. Atachira, mayi uja anawafunsa ngati awataye magazi aja, iwo analemba papepala kuti ayi, atengenso ena ngati akufuna, asilikali ogonawo adzutsidwe mwa anthu ena.

Mukandifunsa lero ngati ndikudziwa kumene timabotolo tija tili, ndikuuzani zoona, sindikudziwa, ndipo kamtima kokayika sikanathe. Ndikaona kabokosi kozizira ndimachitabe nthumanzi. Koma chimene ndikudziwa n'chakuti mayi uja sanatenge chilichonse chimene amuna anga sanampatse, ndipo amene anawalanda kanthu anali kugona nawo chipinda chimodzi.

Ndiye inu anzanga okhala kuno, kukayika kayikani, ndi ufulu wanu, ndipo pepala losalimvetsa musasaine. Koma funsani, funsani mpaka atope nanu, pezani womasulira, kanani kafukufuku ngati simukumufuna, safunsa anadya phula. Chokhacho, foni ya wodwala musaitseke, ndipo musamusankhire mobisa. Ine mawu omaliza amene ndinawamva kuchokera pakamwa pa amuna anga anali ondifunsa ngati achipatala aimba, ndipo ndinawayankha bodza.