Mawu Awiri a Telegalamu

Yoswa Tikondwe sadafike ngakhale Sitandade 5, koma adakhala zaka makumi awiri pakhonde la positi ku Dowa, akufupikitsa mauthenga a anthu otumiza telegalamu. Munthu ankabwera ndi nkhani yodzaza dengu, iye n'kuifinya ngati fodya pa jeke pomanga belo, mpaka itsale mawu asanu. Akatero ankaitana aliyense wodutsa, n'kumuwerengera, n'kumufunsa kuti wamvapo zotani. Wodutsayo akalephera kubweza nkhani yonse mmene idaliri, Yoswa ankang'amba pepala n'kuyambiranso.

"Kufupikitsa si kudula," ankatero. "Belo likamasulidwa, masamba atuluke onse."

Ine ndinkamuchitira nsanje, ndisaname. Ntchito yanga yogulitsa makhadi a chipani itatha mu 1994, ndidaika tebulo pambali pake, tayi pakhosi, satifiketi ya JC m'thumba. Anthu ankandipatsa moni bwinobwino n'kukafola kwa iye. Zinkandidya mumtima. Ndidalumbira kuti pamene iye alemba mawu asanu ine ndidzalemba awiri, mzere uja ukhotere kwanga.

Mwayi udapezeka Yoswa atapita kukaona odwala ku Dzoole. Kudabwera Roza, mkazi wa tenanti pa esiteti ina ya fodya. Amayi ake adakangana ndi mkamwini, n'kumanga katundu kupita kwa abale ku Ntchisi. Roza ankafuna kuti mlongo wake wa ku Blantyre abwere adzawanyengerere.

"Achimwene, mwalemba zonse?" adafunsa Roza, poti sankadziwa kuwerenga.

"Zonse, m'mawu awiri okha. Yoswa wanuyo sangathe."

Ndidalemba kuti AMAYI ATISIYA. Wodutsa sindidamufunse. Ndi JC yonseyi ndikafunse wogulitsa nthochi?

Patatha masiku atatu mlongo uja adatsika m'lole maso ali psuu, ali ndi bokosi lamaliro lopaka vanishi. Mbiri idafika ku Ntchisi bokosi lisanatsitsidwe n'komwe. Amayiwo adabwera okha wapansi, n'kupeza ampingo atasonkhana pakhomo kudzawaimbira nyimbo. Akuti adalizungulira bokosilo kawiri, n'kufunsa kuti ndani wawapha.

Dowa yense adadziwa kuti ndine. Mpaka lero ana amanditcha Atisiya, ndipo patebulo panga sipadaimenso munthu.

Yoswa atabwerako sadandiseke, ndipo chimenecho chidandiwawa koposa. Adamvetsera nkhani yonse, n'kutenga pensulo yanga yomwe, n'kulemba pakona pa pepala langa kuti AMAYI ANYANYALA.

Ndidawerenga ndi chala. Analinso mawu awiri.