Chilombo chinatsokomola panjira ya kudimba

Lachiwiri lapitali chilombo chinatsokomola pamaso panga. Ndalemba mawuwo, sindiwafufuta.

Kunali maliro kutsidya kwa mtsinje, chakufupi ndi Sinda. Ine ndinkachokera kudimba dzuwa litapendeka, kumsana kuli Lekeleni, mwana wanga woyamba, amene sanayambe n'kukwawa komwe. Ndinamva mapazi kumbuyo, othamanga, osapuma. Mukudziwa chimene mkazi amachita. Ndinapatukira m'tsekera, ndinagwada, ndinafunditsa mwana nsalu kumutu.

Chinali chija chimathamanga mudzi ndi mudzi kukagwa maliro, thupi lonse matope, kumaso kofiira, dzino limodzi lothyoka. Dzina lake sinditchula. Masiku onse chimadutsa ngati mphepo. Koma tsikulo chinaima, pafupi, poti ndikadatambasula mkono ndikadachigwira. Chinawerama, manja pamaondo, ndipo chinatsokomola.

Amayi anzanga, kodi chilombo chimatsokomola?

Ndipo si kutsokomola kokhako. Chifuwa chimenecho ndikuchidziwa. Chimayambira pansi, ngati wina akukoka mtondo pabwalo, n'kuthera ndi kamluzu. N'chifuwa cha malemu a Chikuse, amene anabwera kuchokera kumigodi ali owonda n'kumwalira tisanakolole. Nyumba yawo inali kuseri kwa ya amayi anga, ndinachimva dzinja lonse. A Chikuse anali munthu waliwiro, ndipo mudzi wonse ukudziwa, ngakhale sunena, kuti chilombo chofiiracho chinkaoneka pamene iwo sakuoneka.

Iwo tinawaika m'manda. Chifuwa chawo sitinachiike.

Madzulo a Lachiwiri lomwelo bambo a Lekeleni anafika kunyumba tsitsi lili lonyowa, mu Julayi muno mphepo ikuchita kuluma. Milomo inali gwagwagwa. Kuseri kwa khutu kunatsala kadothi.

"Mwasamba kumtsinje ndi chisanu chino?" ndinawafunsa.

"Nanga ndikasambe m'nkhali mwanu?" Anaseka. "Bweretsani kuno kamfumukazi kanga."

Ananyamula mwana, anamuyandikiza kumaso kuti amuseketse, ndipo chinabwera. Pansi, ngati mtondo. Kenaka kamluzu.

Ndinawalanda mwanayo ngati ndikumuchotsa pamoto.

"Mayi a Lekeleni, mwapenga kodi? Ndi fumbi chabe ili!"

Ndinathamangira kwa amayi anga. "Amayi, chifuwa cha a Chikuse chalowa m'nyumba mwanga. Ndachimva panjira, chikutuluka mwa..."

Ananditseka pakamwa ndi dzanja. "Iwe! Kasukulu kako kaja kadzakuphetsa. Waona chilombo, basi. Chilombo chimachokera kumanda. Mwamuna wako anali pamaliro monga anzake onse."

M'mawa ndinabereka mwana mpaka kuchipatala cha amishoni. Anamuyeza, akuti pakali pano ali bwino. Ndiye ndinafunsa adilesa aja amapereka mankhwala, mozungulira, maso ali pansi: ngati munthu wa chifuwa chachikulu ankavala chipewa, n'kumwalira, wina n'kuvala chipewacho, bwanji?

Adilesawo ndi Mchewa mnzathu. "Chipewa cha pamutu, mayi, kapena chofika mpaka pakamwa?"

Ndinangokonza nsalu ya mwana kumsana. Iwonso sanafunsenso. Anangoti chifuwa chimayenda ndi mpweya ndi malovu, makamaka anthu akakhala mothithikana kapena akamamwera chikho chimodzi. Chimakonda malo a mdima ndi chinyontho, koma dzuwa chimaliopa. Anatinso munthu amene wathamanga mtunda wautali, watopa, watuluka thukuta, thupi lake limakhala ngati nyumba yosatseka. Akazizidwa pamenepo, chimfine ndi chifuwa zimangolowa. Ndipo anati wotsokomolayo abwere adzamumve pamtima, asagone pafupi ndi khanda.

Tsono tamverani pamene pali vuto langa.

Anyamata a mpira kusukulu ndikhoza kuwauza. Mwathamanga, pukutani thukuta, valani malaya, musagone pansi pozizira, aliyense amwere chikho chake. Amuna aja amapalasa njinga ndi matumba a mtedza mpaka ku Fort Jameson ndikhoza kuwaimitsa pamsewu: bambo, musadziponye m'madzi thupi likadali lotentha, ndipo mukamva chifuwa, njinga ipume. Andiseka, koma amva.

Nanga othamanga kuposa onsewa ndiwauza bwanji? Amene amathamanga pachifuwa pali pamtunda, m'fumbi, m'chisanu, mpweya wawo ukubwerera m'kamwa mwawo momwe, n'kukatsuka matope mumtsinje dzuwa likulowa? Iwo si anthu. Tonse tinagwirizana kuti si anthu. Ndipo chimene si munthu sichidwala, sichipita kuchipatala, sichiuzidwa ndi mkazi.

Koma madzulo chimalowa m'nyumba n'kunyamula mwana.

Akuluakulu akudambwe, kumene zilombo zimatulukira, ndagwada. Mwambo wanu sindikuunyoza, ndinabadwiramo, ndipo ng'oma ikalira miyendo yanga imadziwa nyimbo zake. Ine sindikudziwa kanthu, ndine mkazi. Koma ngati zilombo zili ndi zikopa, ziyanikeni padzuwa. Ngati chikopa china mwini wake anafa ndi chifuwa, ganizani kawiri. Ngati chilombo chatsokomola, chipumitseni, kumanda siziperewera. Chikachoka kothamanga, chipezereni moto ndi chofunda chisanapite kumadzi. Palibe mkazi adzaone. Palibe adzafunse. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Kuyambira tsiku lija ndikugona kwa amayi anga pamodzi ndi mwana. Ndipo mukudziwa zimene zayamba kumveka pachitsime? Akuti chifuwa cha bambo a Lekeleni ndi mdulo. Akuti ndine ndinawadula, ndinathira mchere m'ndiwo pa nthawi yosayenera, n'chifukwa chake ndathawa m'nyumba. Dzulo apongozi anga aakazi anandipeza ndikusinja.

"Mwana wanga akafa, mudzatiuza chimene munachita."

Ndinali nalo yankho. Koma yankholo ndi lija mkazi sanena.

Bambo a Lekeleni anavomera kuti lero, Loweruka, tipita kwa adilesa. Anavomera akuseka, koma anavomera, chifukwa mwana wawo amamukonda. Ndinadzuka, ndinaphika phala, ndinabereka Lekeleni. Ndikufika pakhomo pathu ndinapeza chitseko chili chotsekula, bulangete lili pamphasa likadali lofunda, eni ake kulibe.

Kwagwa maliro ena, chaku Mkaika. Uthenga uyenera kuthamanga.

Ndikulemba pano pakhonde, khutu limodzi lili kunjira, lina lili pamsana pa mwana, kumvetsera mpweya wake. Ukulowa, ukutuluka. Mluzu mulibe. Mulibe lero.

Akuluakulu, ndiyankheni ngakhale osanditchula dzina: nkhope yofiira ija ikathana ndi bambo a Lekeleni, mudzaipereka kwa mwamuna wa yani?