Telala Amene Analepherana ndi Katswiri

Alamu anga ndi telala, koma mukawafunsa za ulusi amayankha za tchesi, ndipo mumakhala pa benchi mpaka miyendo kuchita dzanzi.

Zaka makumi awiri zapitazo analowa mpikisano wa anthu asanu ndi mmodzi mu holo ya pasukulu. Anayi oyamba anawakwapula osawamvera chisoni. Wotsiriza anali katswiri amene chikho anali atatenga kale.

Alamu anatsegula monga mwa kabuku kawo kothothoka masamba, njira yachikale imene aliyense amayambira: msilikali wa kutsogolo kwa mfumu mabokosi awiri, kavalo kutuluka, bishopu pambuyo pake. Katswiri ankayankha akuyasamula. Atasuntha kakhumi ndi kawiri anayang'ana wotchi n'kutambasula dzanja.

"Tingolepherana, bambo. Basi indisiya."

Alamu anavomera, ndipo pepala la masewerawo analiika m'felemu pamwamba pa makina osokera. Ntchito inathera pomwepo. Nsalu za anthu zimangounjikana, wopalasa makina ndi achemwali anga. Mayi wina akabwera kudzafunsa diresi lake, alamu amamukokera ku bolodi kuti aone pamene anamupanikiza katswiri.

"Bambo, kulepherana si kupambana," amatero achemwali, mapini ali kukamwa.

"Inu simungamve. Munthu uja anaona imfa, n'chifukwa chake anathawa."

Chaka chatha, ine ndili pomwepo, mkulu wina waimvi analowa ndi thalauza yofa zipi. Alamu anamuzindikira kuti ndi katswiri uja. Anatsitsa felemu, n'kuipukuta ndi nsalu ya kasitomala. Mkuluyo anavala magalasi.

"Dzanja ndi langadi. Munali inu? Pepani, sindikukumbuka."

"Mukanapitiriza, mukanaona zakuda."

"Bolodi si iyo? Tiyeni timalize podikira zipi."

Anaika tizidole pamene anasiyira paja. Alamu anatuluka thukuta mpaka m'khosi, mkulu uja akucheza ndi achemwali za mawondo ake. Atasuntha kasanu ndi kanayi, mfumu ya alamu inasowa kolowera. Zipi inali isanathe n'komwe.

Zipi itatha, mkulu uja anatenga thalauza yake n'kupita. Kenako alamu anati masewera opanda wotchi sawerengedwa, komanso dzuwa linkawathobwa m'maso. Achemwali anawaponyera malaya a sukulu kuti asoke mabatani, ndipo alamu anasoka atatu, awiri mwa iwo mopotoka.